Chikondi cha m'zitini za dzimbiri

Filimu yoyamba mwa mafilimu akale a chikondi amene ndimasonkhanitsa sindinaifunefune, inangondipeza. Ndinagula kwa venda wina m'tauni chimbale cha zija amathiramo mafilimu khumi ndi awiri nthawi imodzi, ndipo chimene chinandikopa chinali filimu ya nkhondo imene chithunzi chake chinali pachikuto. Pakati pa mafilimuwo panabisala ina ya zithunzi zakuda ndi zoyera yotchedwa Love Affair, ya m'chaka cha 1939. Zithunzi zake zinali zofuwira moti nkhope za anthu zimaoneka ngati zapakidwa ufa woyera, ndipo mawu ake amamveka ngati a wailesi imene mabatire ake akutha. Ndinaitsegula pofuna kungoona kuti ndi chiyani, koma sindinadzuke mpaka itatha.

Chimene chinandigwira chinali chigawo chomaliza. Mwamuna, amene ndi Charles Boyer, wabwera nyengo ya Khrisimasi kudzaona mkazi, Irene Dunne, amene sanafike pa tsiku limene anapangana kukumana pamwamba pa Empire State Building, nyumba yaitali yosanja ya ku New York. Mkaziyo wakhala pa sofa atafunditsa miyendo, ndipo sadzuka kuti amulandire mlendoyo. Ife owonera tikudziwa kuti anagundidwa ndi galimoto akuthamangira kumalo a pangano ndipo sathanso kuyenda, koma mwamunayo sakudziwa, akuyesa kuti anangonyozedwa. Awiriwo akulankhula mozungulira kwa mphindi zingapo, aliyense akuphimba bala lake ndi nthabwala, mpaka mwamunayo atakumbukira kuti chithunzi china chimene anajambula chinaperekedwa kwa mayi wolumala amene analibe ndalama zochigulira, n'kutsegula chitseko cha kuchipinda, n'kuchipeza chili momwemo. Palibe amene akufuula, palibe amene akudzigwetsa pansi. Usiku umenewo ndinazindikira kuti panali anthu, agogo anga ali ana, amene amadziwa kujambula chisoni popanda kuchipanga phokoso, ndipo ndinayamba kuwafunafuna.

Azungu mafilimu oterewa amawatcha melodrama, mawu amene gwero lake ndi liwu la Chigiriki lotanthauza nyimbo kuphatikiza ndi lotanthauza sewero, popeza kale m'masewero amenewa nyimbo ndiyo imatsogolera mtima wa owonera. Nkhani zake sizisiyana kwambiri: awiri okondana amalekanitsidwa ndi umphawi, matenda, nkhondo, ukwati wa mmodzi wa iwo kapena kunyada, ndipo filimu yonse imakhala pa mtunda umene uli pakati pawo. Ine ndinadziikira malire kuti ndizisonkhanitsa okhawo amene anapangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe mu Sepitembala 1939. Malirewo ndinaika kuti thumba lisabooke, koma m'kupita kwa nthawi ndinaona kuti ali ndi tanthauzo, chifukwa mafilimu a zaka zimenezo amatenga chikondi ngati nkhani ya moyo ndi imfa popanda kuchita nacho manyazi.

Funso loyamba limene linandivuta linali loti n'chifukwa chiyani filimu yabwino chotere imafika kwa ine ili yonyansa chonchi. Yankho lake ndilo linanditsegula maso pa ntchito yonse yosonkhanitsa. Umwini wa Love Affair sunakonzedwenso pamene nthawi yake inakwana mu 1967, kotero aliyense anali ndi ufulu wokopa ndi kugulitsa, ndipo amalonda amakopa kuchokera pa kope la mnzawo, mnzawoyo atakopanso pa la wina, mpaka zithunzi kusanduka phulusa. Komanso amene anaitsogolera, Leo McCarey, anaipanganso yekha mu 1957 ndi Cary Grant ndi Deborah Kerr, ya mitundu ndiponso yotambalala, ndipo yatsopanoyo inaphimba yakale. Patapita zaka zambiri ndinapeza kope lokonzedwa bwino, ndipo ndinadabwa kuona kuti m'maso mwa Irene Dunne munali kuwala kumene chimbale cha venda chija chinandibisira. Komabe chimbalecho sindinataye.

Tsoka lalikulu la mafilimu amenewa linali m'thupi mwawo momwe. Kufikira cha m'ma 1951, mafilimu oonetsa m'nyumba za kanema amasindikizidwa pa lamba wa nitrate, amene amaonetsa zithunzi zokongola kwambiri koma ndi mbale wake wa wonga wa mfuti. Akayaka sazima ngakhale mutamumiza m'madzi, chifukwa amadzipatsa yekha mpweya woyakira, ndipo akapanda kuyaka amawola pang'onopang'ono m'chitini, kuyamba kunanda, kenako kusanduka fumbi lofiirira. Pa 9 Julayi 1937, nyengo yotentha, nkhokwe ya kampani ya Fox ku Little Ferry, m'dera la New Jersey, inapsa, ndipo mipukutu yoposa 40,000 inathera momwemo, pamodzi ndi ambiri mwa mafilimu opanda mawu a kampaniyo. Mu 1965 nkhokwe ina ya kampani ya MGM ku Culver City, m'dera la California, inapsanso. Koma moto sindiwo unawononga zambiri. Mafilimu olankhula atafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, eni makampani anaona opanda mawu ngati katundu wongodzaza malo, ndipo ambiri anawawononga dala kuti atengemo siliva. Kafukufuku amene Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inatulutsa mu 2013 anapeza kuti pa mafilimu aatali opanda mawu pafupifupi 11,000 amene anapangidwa ku America, 70 pa 100 alionse anatayika kotheratu. Munthu akamasonkhanitsa mafilimu amenewa amakhala ngati wokunkha m'munda umene eni ake anakolola kale n'kuutentha.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti zotsalazo kawirikawiri zimapezeka kutali ndi kumene zinapangidwa. Filimu ikatha kuonetsedwa m'mizinda ikuluikulu, imatumizidwa kutsogolo, mzinda ndi mzinda, dziko ndi dziko, mpaka kufika pamalo pamene mtengo woibweza umaposa phindu lake, ndipo pamenepo imasiyidwa. Ku Dawson City, kumpoto kwa Canada, anthu okumba maziko mu 1978 anafukula mipukutu 533 imene inakwiriridwa m'dziwe lakale losambiramo, ndipo kuzizira kwa nthaka ya kumeneko ndiko kunaisunga. Filimu ya ku Shanghai ya 1931 yotchedwa Love and Duty, mmene muli Ruan Lingyu, mtsikana waluso amene anamwalira mu 1935 ali ndi zaka 24, inapezeka ku Uruguay m'zaka za m'ma 1990. Ndikamva nkhani zoterezi ndimayang'ana ndi diso lina nyumba zakale zosungiramo katundu za ku Limbe, koma ndimadziletsa msanga, pakuti chitini cha nitrate chimene chikanatsalira kwathu kuno kutentha kwa Okutobala kukanachimaliza kalekale.

Mwa zonse zimene zinabwerera kuchokera kwa akufa, imene ndimaikonda kuposa zina ndi Lucky Star ya 1929, imene Frank Borzage anapanga ndi Janet Gaynor ndi Charles Farrell. Atatuwa anali atagwirira kale ntchito limodzi pa 7th Heaven mu 1927 ndi Street Angel mu 1928, ndipo pa mwambo woyamba wa mphoto za Oscar mu Meyi 1929, Borzage ndi Gaynor onse anapambana. Koma Lucky Star inatuluka nthawi yolakwika, anthu atatembenukira kale ku mafilimu olankhula, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi imawerengedwa pakati pa zotayika, kufikira pamene kope lake linapezeka m'nkhokwe ya mafilimu ya ku Amsterdam, n'kuonetsedwanso mu 1990 pa chikondwerero cha mafilimu opanda mawu ku Pordenone, m'dziko la Italy. Inapangidwa m'mitundu iwiri, ina yokhala ndi zigawo zolankhula, ina yopanda mawu, ndipo imene inapulumuka ndi yopanda mawuyo. Ine ndimaona kuti apa tinachita mwayi.

Nkhani yake ndi ya Tim, mnyamata wogwira ntchito pa mitengo ya mawaya, amene akubwerera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse miyendo itafa, n'kumakhala yekha m'kanyumba akuyenda pa njinga ya olumala, ndi Mary, mtsikana wa pamudzi wauve, wabodza pang'ono, wokonda kubera pa malonda, amene mayi ake amamugwiritsa ntchito ngati bulu. Pali chigawo chimene Tim akumutsuka Mary tsitsi ndi mazira, akuswa dzira ndi dzira pamutu pake, ndipo thovu litachoka akupeza kuti pansi pa litsiro panali tsitsi lowala. Pofuna kupitiriza kumusambitsa akumufunsa zaka zake, ndipo atamva kuti si mwana monga amaganizira, akubweza manja ake mwamanyazi n'kumutumiza kuti akasambe yekha kumtsinje. Chikondi chonse cha filimuyo chikuyambira pa kubweza manja kumeneko. Kumapeto, pamene mayi ake akufuna kupereka Mary kwa mwamuna wachinyengo amene wavala yunifolomu ya usilikali, Tim akutuluka m'chipale chofewa ndi ndodo zoyendera, akugwa, akukwawa, akudzukanso, mpaka akuyenda ndi miyendo yake. Dokotala aliyense anganene kuti zimenezi sizingachitike, ndipo Borzage naye amadziwa. Iye amakhulupirira kuti mu filimu chikondi chili ndi ufulu wophwanya malamulo a thupi, monganso mu 7th Heaven mmene msilikali amene aliyense akumuyesa wakufa akukwera makwerero a nyumba yosanja ku Paris ali wakhungu, kubwerera kwa mkazi wake. Wowonera amene sangalole zimenezi asataye ndalama zake pa Borzage. Ine ndimalola, chifukwa pofika pamenepo amakhala atandisonyeza tinthu ting'onoting'ono toona tambiri, monga mmene munthu wolumala amakonzera nyumba yake kuti chilichonse chifikike ndi dzanja, kotero kuti bodza lalikulu lomalizalo ndimalilandira ngati ngongole imene ndiyenera kumubwezera.

Ntchito yeniyeni yosonkhanitsa ilibe ulemerero wotere. Zitini za nitrate si za munthu wamba, malo ake ndi m'nkhokwe zozizira za akatswiri, ndipo ife ena timasonkhanitsa zimbale. Pamenepo pali misampha yake. Zimbale za DVD zinagawidwa m'zigawo, kotero kuti America ili m'chigawo 1, Ulaya ndi South Africa m'chigawo 2, pamene Malawi ili m'chigawo 5, ndipo chimbale choyamba chimene msuweni wanga anandinyamulira kuchokera kunja makina anga anachikana, n'kukhala chaka chathunthu pashelefu ndikungochiyang'ana. Pa Blu-ray zinthu zinapepukako, poti Africa ili m'chigawo chimodzi ndi Ulaya. Kuyambira 2009 kampani ya Warner inayamba kugulitsa mafilimu ake akale pa zimbale zosindikizidwa pokhapokha munthu akaitanitsa, ndipo mwa njira imeneyo ndinapeza One Way Passage ya 1932, ya Kay Francis ndi William Powell, nkhani ya mkazi wodwala matenda osachiritsika ndi mwamuna wopita kukanyongedwa amene akumana m'sitima ya pamadzi yochokera ku Hong Kong kupita ku San Francisco, aliyense akubisira mnzake kuti masiku ake atha. Yonseyo imatha ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndipo mulibe mphindi yongotaya.

Kupeza dzina la filimu sikokwanira, munthu amayenera kufunsa kuti kope limene wagwiralo ndi liti. Mafilimu ambiri opanda mawu amajambulidwa ndi makamera awiri oyandikana, ina ya kope la kwawo, ina ya makope otumiza kunja, kotero filimu imodzi imatha kukhala ndi nkhope ziwiri zosiyana pang'ono. Makamerawo amapukusidwa ndi dzanja, ndipo liwiro la zithunzi 24 pa sekondi linakhazikika mawu atafika, choncho filimu yakale ikathamangitsidwa pa liwiro lolakwika, anthu olira maliro amayenda ngati nkhuku zothawa kabawi. Zigawo za usiku zimanyikidwa mu utoto wabuluu, za m'nyumba mu wachikasu, ndipo kope lotaya mitundu imeneyi limaonetsa anthu atanyamula nyali masana. Kenako pali nyimbo. Ndinawonerapo filimu ya chisoni imene wogulitsa anaiphatikiza ndi nyimbo ya piyano yosekerera imene imangobwerezabwereza, ndipo ndinachita kutseka mawu n'kuiwonera mu zii.

Pali msampha wina woposa onsewa, umene ndinagweramo ndekha, ndiwo kuganiza kuti chosowa chilichonse n'chabwino. Beyond the Rocks ya 1922 inali filimu yokhayo imene Gloria Swanson ndi Rudolph Valentino anasewera limodzi monga okondana, ndipo kwa zaka zambiri anthu amailota. Swanson anamwalira mu 1983 ikadali yotayika. Inapezeka mu 2003 pakati pa zitini zoposa 2,000 zimene wosonkhanitsa wina wa ku Haarlem, m'dziko la Netherlands, anasiya atamwalira, mipukutu yake itamwazikana m'zitini zosalembedwa bwino. Nkhani ya kupezeka kwake ndi yokoma kuposa filimuyo. Nditaiwonera ndinapeza zovala zokongola, anthu awiri okongola, ndi chikondi chimene sichinandifike pamtima ngakhale kamodzi. Chimodzimodzi Letty Lynton ya 1932, ya Joan Crawford, imene inachotsedwa pamaso pa anthu kwa zaka makumi ambiri khothi litagamula mu 1936 kuti MGM inatenga nkhani yake pa sewero la eni ake popanda chilolezo. Kope lobedwa limene linayendayenda pakati pa osonkhanitsa ndinaliwonera ndi mtima wa munthu wodya chipatso choletsedwa, ndipo mpaka lero sindikhulupirira chiweruzo changa pa filimuyo, poti chimene ndimasangalala nacho chinali kuletsedwako. Kumbali ina, kachidutswa ka mphindi zisanu ndi zinayi ka The Divine Woman ya 1928, mmene Greta Garbo akuchereza msilikali amene akuyenera kubwerera ku gulu lake usiku womwewo, kamene kanapezeka ku Moscow, ndimakabwereza chaka chilichonse, ndipo kamandipweteka chifukwa kamaonetsa poyera kuti zimene zinatayikazo zinali zabwino.

Ena mwa mafilimuwa sanapse, anangobisidwa. Malamulo a makhalidwe a ku Hollywood analembedwa mu 1930 koma anayamba kutsatidwa mwamphamvu mu Julayi 1934, Joseph Breen atapatsidwa udindo wowayang'anira, ndipo mafilimu a zaka zinayi za pakatizo, akafuna kuonetsedwanso, amadulidwa kapena kukanidwa. Waterloo Bridge ya 1931, ya James Whale, imasimba za Myra, amene Mae Clarke akumusewera, mtsikana wovina amene ntchito yamuthera mu London nthawi ya nkhondo ndipo ali kale woyendayenda pamene akukumana ndi msilikali wachinyamata pa mlatho. MGM inagula nkhaniyo, n'kuipanganso mu 1940 ndi Vivien Leigh, n'kutsekera yakaleyo m'nkhokwe kwa zaka zambiri. M'yatsopanoyo mtsikanayo akuyamba ali wosalakwa, akugwa pokhapokha atamva kuti wokondedwa wake wafa, kuti owonera amukhululukire mosavuta. Ya 1931 sipempha chikhululukiro chotero. Myra ali ndi njala, ali ndi ngongole ya lendi, amakwiya, amanama, ndipo filimuyo imamukonda momwemo. Ndikaziika ziwirizi pamodzi, yokalambayo ndiyo imaoneka ya anthu akuluakulu.

Woweruza amene ndimamudalira tsopano ndi azakhali anga, amene sadziwa za nitrate ndipo sasamala kuti filimu inapezeka m'chitini cha ndani. Iwo anazolowera mafilimu a ku Nigeria, ndipo atabwera kudzakhala kwathu masabata awiri akudikira tsiku lawo la kuchipatala, anandipeza usiku wina ndikuika Back Street ya 1932, imene John M. Stahl anapanga kuchokera pa buku la Fannie Hurst. Stahl ndi mmodzi mwa ophimbidwa aja, poti mafilimu ake awiri, Imitation of Life ndi Magnificent Obsession, anapangidwanso ndi Douglas Sirk m'zaka za m'ma 1950 ndipo dziko limakumbukira a Sirk. Kamera yake siyendayenda, imangoima n'kumayang'ana. Mu Back Street, Irene Dunne yemwe uja ndi Ray, mtsikana wa ku Cincinnati amene wachedwa kufika pa bwalo la zoimbaimba pamene Walter amafuna kukamuonetsa kwa mayi ake, ndipo chifukwa cha kuchedwa kumeneko Walter akukwatira wina. Atakumananso ku New York patapita zaka, Ray akuvomera kukhala mkazi wamseri, m'kanyumba ka lendi, akudikira foni, kwa moyo wake wonse.

Ndimawamasulira pang'onopang'ono, koma posakhalitsa anandiletsa. "Iwe, khala chete, ndikuona ndekha," anatero. Pamene Walter akunyamuka ulendo wa ku Ulaya ndi banja lake, Ray n'kutsala yekha m'kanyumba kaja, azakhali anaguguda pakamwa n'kunena kuti mwamunayo ndi wodzikonda ndipo mkaziyo ndi wopusa, ndipo anatchula mayi wina wa kumudzi, amene anamwalira kalekale, amene anakhala moyo womwewo ndipo pa maliro a mwamunayo anakhala kutali, kuseri kwa nkhokwe, poti panalibe mphasa yake pa siwa. Kumapeto Walter akudwala mwadzidzidzi ku Paris, akupempha mwana wake wamwamuna, yemwe amamuda Ray, kuti amuimbire foni, ndipo akutsirizika mkaziyo ali pa foni akumva zonse. Kenako Ray, atakalamba, ali yekha pa mpando, akuona m'maganizo tsiku lija la ku Cincinnati ngati kuti anafika pa nthawi yake, akupatsana moni ndi mayi a Walter, bandi ikuimba.

Filimu itatha azakhali anakhala kanthawi osalankhula, akukonza mpango wawo kumutu umene sunasokonekere. Ndinawafunsa kuti, "Azakhali, mwaiona bwanji?" Anayankha kuti mkaziyo anali wopusa ndithu ndipo sasintha mawu awo. Kenako anafunsa ngati anthu onsewo anamwalira, ndipo nditavomera kuti Irene Dunne anamwalira mu 1990, anagwedeza mutu n'kunena kuti mawa magetsi akapanda kuzima ndiwaikire ija ya mnyamata wa mazira imene ndinawauza masana.